Nsolo, Chesi ndi Nzeru za Munthu

1. Pansi pa Mtengo

Munthu woyenda m'makomboni a Lusaka nthawi ya madzulo, dzuwa litapendeka, salephera kuona kagulu ka amuna ataunjikana pansi pa mtengo kapena kuseri kwa msika. Angawaone ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere, kwa George kapena ku Kanyama. Awiri akhala pansi moyang'anana, ndipo ena aimirira mowazinga, manja kumbuyo, maso onse ali pansi. Nthawi zina onse angokhala duu, monga pamaliro. Nthawi zina kumveka phokoso ndi kuseka, monga ngati alenje abwera ndi nyama. Mlendo angayese kuti pali mlandu, koma iai, pali masewera.

Ena asewera nsolo m'maenje okumba pansi kapena osema pa thabwa. Ena asewera drafuti ndi zitsekero za mabotolo, wina zoyang'ana kumwamba, mnzake zovundikira pansi. Ndipo m'masukulu ena ana asewera masewera acitatu, ocokera kutali, amene dzina lake ndi chesi.

Anthu ambiri amanena kuti masewera otere anola nzeru monga mwala unola mpeni, makamaka chesi. Amati mwana wodziwa chesi adzakhoza masamu, ndiponso adzaposa anzake m'maphunziro onse. Ena akana, nati awa ndi masewera a alesi, ongotaya nthawi. Funso limeneli si lacabe, pakuti mwana wa sukulu ali ndi maora owerengeka pa tsiku, ndipo ayenera kudziwa powaika. Phunziro lino lifufuza mbali zonse ziwiri.

2. Nsolo, Masewera a Makolo

Nsolo ndi masewera akale kwambiri m'dziko la Zambia. Ali ndi abale ake m'maiko ambiri a mu Africa: ku Malawi kuli bawo, ku Tanzania kuli bao, ku Zimbabwe kuli tsoro, ndipo ku Uganda kuli omweso. Malamulo asiyana malo ndi malo, koma mtima wa masewerawo ndi umodzi.

Pa nsolo pali mizere inai ya maenje. Wosewera ali yense ali ndi mizere iwiri ya kumbali kwake, wa m'kati ndi wa kunja. Ngati mzere uli wonse uli ndi maenje 8, ndiye kuti maenje onse ndi 32. Ndipo ngati m'dzenje liri lonse aikamo miyala iwiri, miyala yonse ikhala 64. Wosewera atola miyala ya m'dzenje limodzi, nafesa umodzi umodzi m'maenje otsatana. Mwala wotsiriza ukagwa m'dzenje momwe muli miyala ina, atola yonseyo napitirira kufesa. Akathera pa malo oyenera mu mzere wa m'kati, adya miyala ya mnzake imene yayang'anana naye. Wotha miyala, kapena wosowa poyenda, ndiye wagonja.

Woyamba kumene angotola miyala mwa cisawawa, nayembekeza mwai. Koma katswiri satero. Asanakhudze mwala awerenga mumtima: "Ndikatola isanu iyi ndidzathera apo, apo pali itatu, ndi wanga ikhala inai, inaiyo idzandifikitsa uko, ndipo ndidzadya." Ena atha kulondola ulendo wotere kanai kapena kasanu m'mutu, dzanja liri cikhalire pa bondo. Motero makolo anali kuwerengera ndi kuyang'ana zam'tsogolo kalekale, sukulu zisanafike.

3. Chesi ndi Kumene Anacokera

Masewera a chesi anayamba ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Kucokera kumeneko anafika ku Persia. Aluya anawaphunzira kumeneko nawatengera ku Spain, ndipo anawanda m'maiko onse a ku Ulaya. Malamulo ambiri amene atsatidwa lero anakhazikika ku Ulaya ca m'ma 1500. M'caka ca 1924 ku Paris anakhazikitsa bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, lochedwa FIDE.

Chesi aseweredwa pa thabwa la timabwalo 64, toyera ndi takuda mosinthana. Ali ngati nkhondo ya mafumu awiri. Wosewera ali yense ali ndi ankhondo 16: mfumu imodzi, mfumukazi imodzi, malinga awiri, mabishopu awiri, akavalo awiri ndi asilikari ang'ono 8. Yense ali ndi kayendedwe kake. Linga liyenda molunjika, kutsogolo, kumbuyo kapena cam'mbali. Bishopu ayenda mopingasa. Mfumukazi itha kuyenda monga linga ndiponso monga bishopu, ndiye cifukwa cake iri yamphamvu koposa onse. Kavalo yekha ndiye alumpha anzake. Mfumu iyenda kabwalo kamodzi cabe, koma ndiyo mwini nkhondo: ikazingidwa ndi kusowa kothawira, masewera atha.

Masewerawa ndi akuya ngati nyanja. Woyamba kusewera ali ndi njira 20 zoyambira, ndipo mnzake ali ndi njira 20 zoyankhira. 20 kuculukitsa ndi 20 ndi 400. Ali yense akayenda kawiri, njira zimene akadayendamo zifika 197,281. Palibe munthu angathe kuziloweza zonse pamtima. Nkosadabwitsa tsono kuti anthu akaona wina ali zyoli pa thabwa, amati, "Uyu ndi munthu wanzeru."

4. Mlandu wa ku Kanyama

Ku Kanyama kunali mnyamata wina wa zaka 13, amene anali m'kalasi lotsiriza la sukulu ya pulaimale. Anali kukhala ndi amai ake, amene anali kugulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pamsika, ndi agogo ake aamuna, mmisiri wa matabwa amene maso ake anali atayamba kucita khungu. Agogowo anali katswiri wa nsolo wodziwika m'dera lonselo.

Mnyamatayo anaphunzira chesi kusukulu, ndipo posakhalitsa anagonjetsa anzake onse a m'kalasi. Anajambula thabwa lake pa katoni, naumba ankhondo ndi dothi. M'mawa chesi, masana chesi, usiku chesi. Koma pamene aphunzitsi anabweza mapepala a mayeso a masamu, dzina lake linali kumunsi.

Amai ake ataona pepalalo anakhala pansi, nati, "Mwananga, ine ndidzuka tambala asanalire kukagula tomato ku Soweto, kuti iwe upeze makope ndi nsapato. Kodi malipiro anga ndi awa? Kuyambira lero zidole zakozo ndisazionenso m'nyumba muno."

Mnyamatayo anayankha, "Amai, musadandaule. Chesi anola nzeru. Ndikapitirira kusewera, masamu adzabwera okha. Kodi simunamve za Amon Simutowe? Iye chesi anamfikitsa ku America."

Agogo anamvetsera onse awiri, ndipo anati, "Mutu umodzi susenza denga. Mawa tipite kwa aphunzitsi, akatiweruzire mlandu uwu."

5. Amon Simutowe

M'mawa mwake anapita onse atatu. Aphunzitsi anawalandira, nawapatsa mipando, namva mau a ali yense. Kenaka anati, "Amai, mwanayu sananame pa za Amon Simutowe. Tiyambe ndi iyeyo."

Amon Simutowe anabadwa m'caka ca 1982. Anaphunzira chesi kwa mkulu wake ali ndi zaka pafupifupi 10, ndipo m'caka ca 1996, ali mnyamata wa zaka 14, anagonjetsa akulu akulu nakhala katswiri wa Zambia yense. M'caka ca 2000 anapita ku Yerevan, m'dziko la Armenia, ku mpikisano wa acinyamata a dziko lonse lapansi, nakhala mmodzi wa amene anafika pa malo aciwiri. M'caka ca 2009 analandira dzina la Grandmaster, limene liri ulemu waukulu koposa umene FIDE ipatsa osewera kwa moyo wao wonse. Iye ndiye anali woyamba kulandira dzinali m'maiko a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Kaamba ka luso lakelo anapeza malo pa University of Texas ku Dallas, kumene anaphunzira za cuma, ndipo pambuyo pake anakaphunziranso ku Oxford, ku England.

Aliponso ena otere. Ku Katwe, komboni ya anthu osauka mu mzinda wa Kampala, kunali mtsikana dzina lake Phiona Mutesi, amene anaphunzira chesi ali wamng'ono nakaimira dziko la Uganda m'mipikisano ya maiko. Mbiri yake inaonetsedwa m'kanema m'caka ca 2016. Nkhani yake itsimikiza kuti masewerawa si a anyamata okha, ndiponso si a ana a anthu olemera okha.

"Wamva, amai?" anatero mnyamatayo mokondwa, naiwala ulemu cifukwa ca cimwemwe.

Agogo anamdzudzula, nati, "Kodi amako ndi mnzako? Uziti mwamva."

Aphunzitsi anamwetulira, nati, "Usafulumire, mwanawe. Chesi anamtsegulira Simutowe citseko, koma m'nyumbamo analowa ndi miyendo yake. Ku Dallas ndi ku Oxford sanampatse mapepala a maphunziro cifukwa ca kuyendetsa kavalo. Anawerenga mabuku nalemba mayeso monga anzake onse. Ndiponso nkhani ya munthu mmodzi singathe kuweruza mlandu wa ana onse."

6. Tambala ndi Dzuwa

Pano pali msampha umene ukola ngakhale akulu. Munthu aona kuti ana ambiri osewera chesi akhozanso bwino m'kalasi, ndipo anena msanga kuti chesi ndiye wawapatsa nzeru. Koma mwina nkhani iri cam'mbuyo. Mwina anawo anali okonda kuganiza kale, ndipo kukonda kuganizako ndiko kunawakokera ku chesi. Mwinanso ali ndi makolo amene awagulira thabwa la chesi, nawaguliranso mabuku ndi nyale yowerengera.

Tambala alira m'mawa uli wonse, ndipo pambuyo pake dzuwa lituluka. Koma palibe munthu wanzeru anganene kuti tambala ndiye aturutsa dzuwa. Zinthu ziwiri zingayendere pamodzi popanda cina kubala cinzake. Wofuna kudziwa coona ayenera kuyesa, monga mlimi amene athira manyowa m'munda umodzi nasiya wina wopanda manyowa, mbeu ndi mvula ziri zimodzimodzi, kuti pokolola aone kusiyana kwake.

7. Zimene Ophunzira Anapeza

Mmodzi wa oyamba kufufuza bwino za maganizo a osewera chesi anali Adriaan de Groot wa ku Holland, amene anasindikiza zofufuza zake m'caka ca 1946. Iye anali kuonetsa osewera thabwa la masewera ali pakati kwa kanthawi kocepa, nalicotsa, nawauza kuti abwezere ankhondo onse m'malo mwao. Akatswiri anabwezera pafupifupi onse, koma osewera wamba anakumbuka owerengeka cabe. Zinaoneka ngati akatswiriwo ali ndi mitu yosaiwala kanthu.

M'caka ca 1973 anthu awiri a ku America, William Chase ndi Herbert Simon, anabwereza mayesowo naonjezapo cinthu cimodzi. Poyamba anaonetsa thabwa la masewera enieni kwa masekondi asanu, ndipo katswiri anaposa woyamba kumene kutali. Kenaka anamwaza ankhondowo mwa cisawawa, m'malo amene sangakhalemo pa masewera enieni. Pamenepo mphamvu ya katswiri inatha. Anakumbuka ocepa, pafupifupi monga woyamba kumene.

Tanthauzo lake ndi ili. Katswiri alibe mutu wosiyana ndi wa anthu ena. Iye waona masewera zikwi zambiri, kotero kuti akayang'ana thabwa saona ankhondo mmodzi mmodzi, koma magulu amene awadziwa kale. Afanana ndi mwana wodziwa kuwerenga: akaona liu lakuti "cimanga" alikumbuka lonse nthawi imodzi, koma zilembo zomwezo zikasokonezedwa, kukhala "gcnaiam", abvutika nazo. Afanananso ndi munthu wobadwira ku Chawama, amene adziwa tinjira tonse ta kumeneko ngakhale usiku, koma akafika ku Kitwe ayenera kufunsa njira monga mlendo ali yense. Luso la chesi ndi luso la chesi.

Maiko ena akhulupirira kwambiri masewerawa. M'caka ca 2011 boma la Armenia linalamula kuti ana a m'makalasi ang'ono aziphunzira chesi monga phunziro la sukulu. Ku England anafuna kuyesa ngati mwambo wotere uthandizadi. Anasankha sukulu 100 zokhala ndi ana pafupifupi 4,000 a zaka 9 ndi 10. Anacita maere: sukulu zina zinalandira maphunziro a chesi a maora 30, zina sizinalandire. Patapita caka ana onsewo analemba mayeso a boma. Zotsatira zake zinalengezedwa m'caka ca 2016, ndipo zinaonetsa kuti pa masamu panalibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo. Pa kuwerenga ndi pa sayansi panalibenso kusiyana. Ana ambiri anakondwera nao masewerawo, koma sanakhoze koposa anzao.

M'caka comweco Giovanni Sala ndi Fernand Gobet, a pa University of Liverpool, anasonkhanitsa zofufuza 24 zimene anthu ena anacita m'maiko osiyanasiyana. Anapeza kuti zambiri zinaonetsa phindu pang'ono, makamaka pa masamu. Koma anaonanso cilema cimodzi: pafupifupi zonse zinayerekeza ana ophunzira chesi ndi ana amene sanapatsidwe kanthu kena katsopano. Mwana akapatsidwa cinthu catsopano ndi mphunzitsi wacangu, amakondwa nalimbikira, ngakhale cinthuco cikhale nyimbo kapena kulima dimba. Cotero sikutheka kunena motsimikiza kuti phindulo linacokera ku chesi.

Pali umboni winanso wodabwitsa. M'caka ca 1997 kompyuta yochedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene pa nthawiyo anali katswiri woposa onse pa dziko lapansi. Koma makina amenewo sanali kudziwa kanthu kena konse. Sakadatha kuweruza mlandu wa mbuzi, kapena kutonthoza mwana wolira. Kupambana pa thabwa ndi kukhala wanzeru pa zonse ndi zinthu ziwiri zosiyana.

8. Mau a Agogo

Aphunzitsi atatha kufotokoza zimenezi, mnyamatayo anaweramitsa mutu. Amai ake anati, "Ndiye ndinanena zoona, aphunzitsi. Masewerawa ngacabe."

Koma agogo anakweza dzanja, nati, "Mwana wanga, nawenso usafulumire. Ndiloleni ndinenepo za nsolo, pakuti ndizo ndizidziwa. Ine ndasewera zaka zambiri, ndipo ondigonjetsa ku Kanyama ndi owerengeka. Koma kalata ya ku cipatala ikabwera, andiwerengera ndi mdzukulu wangayu. Nsolo sinandiphunzitse kuwerenga kalata. Pamenepo aphunzitsi anena zoona. Koma pali cimene inandiphunzitsa. Ndiri mnyamata ndinali wopupuluma. Ndinali kudula thabwa ndisanayese, ndipo ndinaononga matabwa ambiri a bwana wanga. Pa nsolo ndinaphunzira kuti dzanja lidikire mutu. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, bwanji pa miyala ndiwerenga ndisanatole, koma pa thabwa ndidula ndisanayese? Kuyambira tsiku lomwelo ndinayamba kuyesa kawiri ndi kudula kamodzi. Koma taonani, nzeruyo sinayende yokha kucoka pa nsolo kupita ku nchito. Ndinainyamula ndine."

Aphunzitsi anaomba m'manja, nati, "Agogo, mwatha mlandu wonse. Zimene ophunzira aja analemba m'mabuku, inu mwazinena m'mau ocepa."

9. Zimene Masewera Apatsa

Tsono phindu leni leni la nsolo, drafuti ndi chesi ndi lotani? Masewerawa sathira masamu m'mutu wa mwana monga madzi athiridwa mu mtsuko. Wofuna kudziwa masamu acite masamu. Wofuna kudziwa kulemba alembe. Koma masewerawa ndi bwalo labwino lozolowerapo makhalidwe ena, amene mwana angawanyamule ngati afuna.

Loyamba ndi kudekha. Pa chesi pali lamulo lakuti wosewera akakhudza wankhondo wake mwadala, ayenera kuyendetsa yemweyo. Motero aphunzira kuganiza asanatambasule dzanja. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Laciwiri ndi kuyang'ana ndi maso a mnzake. Wosewera wofooka aganiza za iye yekha, wosewera wabwino afunsa kuti, "Kodi mnzangayu afuna kucitanji?" Munthu wozolowera funso limeneli sanyengedwa msanga pamsika, ndiponso sakangana ndi anthu pacabe.

Lacitatu ndi kuvomera kulakwa. Pa chesi palibe maere, palibe mphepo kapena matope onamizira. Wogonja wagonja cifukwa ca kuyenda kwake. Pa mipikisano osewera alemba pa pepala mayendedwe ao onse, kuti pambuyo pake akaone pamene anaphonya. Mwana wotere sabisa pepala la mayeso pansi pa mphasa. Aliyang'ana kuti apeze pamene anasokera.

Lacinai ndi ulemu. Osewera chesi agwirana canza poyamba ndi potsiriza. Wopambana sanyoza, ndipo wogonja saponya thabwa. Pa bwalo la masewera mwana ndi nkhalamba, wolemera ndi wosauka, akhala pansi monga anthu olingana.

Koma pali zoopsa ziwiri. Coyamba ndi kutaya nthawi: cinthu cabwino cikapitirira muyeso cisanduka coipa, monga mcere wocuruka uononga ndiwo. Caciwiri ndi kubeca ndalama. Masewera akalowa ndalama asanduka njuga, ndipo njuga ibala ndeu, ngongole ndi njala m'nyumba. Mwana wa sukulu athawe bwalo liri lonse limene aikapo ndalama.

10. Pangano

Asanabalalike anapangana motere. Mnyamatayo aziyamba watunga madzi ndi kutsiriza masamu a tsikulo, amai ake ataona kope ndi maso ao. Pambuyo pake asewere masewera amodzi. Loweruka masana asewere monga afuna. Ndipo aphunzitsi anamlembera mafunso atatu pa cikuto ca kope lake, nati, "Awa uwadziwa kale, pakuti uwafunsa pa thabwa tsiku ndi tsiku. Tsopano uziwafunsanso pa samu iri yonse." Mafunsowo anali awa: Kodi pano pali ciani? Kodi njira zanga ndi zingati? Ndikayenda njira iyi, cidzatsatira nciani?

Masiku oyamba anali obvuta. Anzake anali kumuitana pa zenera, ndipo mtima wake unali ku thabwa. Koma usiku wina, ali kucita samu ya munthu wogula matumba a makala, anaima asanalembe yankho, nawerenganso funso. Anapeza kuti funsolo silinafune mtengo wa matumba, koma ndalama zotsala m'thumba la wogulayo. Anatenga mapepala ake akale, naona kuti masamu ambiri anawalakwa m'njira yomweyo: anali kuyenda asanayang'ane thabwa lonse. Ena anawalakwa cifukwa sanadziwe bwino kugawa, ndipo pamenepo chesi sanamthandize konse. Anayenera kukhala pansi ndi kuphunzira kugawa kucokera paciyambi.

Pakutha pa cigawo ca sukulu dzina lake linacoka kumunsi. Amai ake anati ndi masamu a madzulo amene anamkweza, ndipo ananena zoona. Mnyamatayo anati ndi mafunso atatu aja, ndipo nayenso sananame. Agogo sananene kanthu. Anangokumba maenje 32 kuseri kwa nyumba, natola miyala, naitana mdzukulu wao kuti aone ngati katswiri wa chesi angathe kugonjetsa nkhalamba pa masewera a makolo ake. Mnyamatayo anagonja katatu motsatana.

Mpeni sunoledwa pouika pafupi ndi mwala, unoledwa poukhuza. Momwemonso nzeru ikula pa cinthu cimene munthu aigwiritsapo nchito. Masewera a nsolo ndi chesi ndi abwino, ndipo mwana ali yense, mnyamata kapena mtsikana, acita bwino kuwaphunzira. Koma wonyamula nzeru kucoka pa thabwa kupita nayo m'kalasi, kumunda ndi kumsika ndi mwini wake yekha.

Mafunso

1. Chulani maiko anai kumene kuli masewera ofanana ndi nsolo, ndi maina a masewerawo.
2. Kodi chesi anayamba kuti, ndipo anayenda m'maiko ati asanawande ku Ulaya?
3. Kodi Amon Simutowe anacita ciani m'caka ca 1996 ndi m'caka ca 2009?
4. Fotokozani m'mau anu fanizo la tambala ndi dzuwa.
5. Cinacitika nciani pamene Chase ndi Simon anamwaza ankhondo mwa cisawawa? Kodi zimenezi ziphunzitsa ciani?
6. Cifukwa ninji ofufuza a ku England anasiya sukulu zina zopanda maphunziro a chesi?
7. Agogo anati, "Ndinainyamula ndine." Kodi anatanthauzanji?
8. Cifukwa ninji mnyamata uja anagonja pa nsolo, ngakhale anali katswiri wa chesi m'kalasi mwake?

Zocita

1. Funsani munthu wamkulu wa kwanu akuphunzitseni malamulo a nsolo monga aseweredwa kumeneko. Alembeni m'kope, ndipo muyerekeze ndi a anzanu.
2. Jambulani thabwa la timabwalo 64. Ikani njere imodzi ya cimanga pa kabwalo koyamba, ziwiri pa kaciwiri, zinai pa kacitatu, kuwirikiza kawiri nthawi zonse. Kodi pa kabwalo ka 10 padzakhala njere zingati? Yambani mwalota yankho, kenaka muwerengere.
3. Gawanani m'magulu awiri, ndipo mucite mtsutso pa mutu uwu: "Nsolo iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu zonse za m'Zambia."